Kodi Reagente N'chiyani, Ndipo Akukhudzana Bwanji ndi Matenda a Shuga?

Inu a pa Milange, a ku Majaua, a ku Mongue, ndi inu a kutsidya kwa Muloza ndi Limbuli, mwina izi zinakuchitikiranipo. Mwadzuka m'bandakucha osalawa kanthu monga anakulangizirani. Mwapalasa njinga mtunda wautali, mwafika pa zenera la labotale, ndipo akukuuzani kuti: "Pepani, lero sitiyeza, reagente watha." Ambiri timabwerera kunyumba tikung'ung'udza. Magazi ndi anga, makina alipo, woyeza alipo, nanga chavuta n'chiyani?

M'kope lino tikufuna kuti mumudziwe reagente ameneyu. Tikufotokozerani kudzera m'nkhani ya insulini, chifukwa zimene madokotala akudziwa lero za matenda a shuga anazidziwa ndi thandizo la mareagente, ndipo inunso simungadziwe kuti muli ndi shuga popanda iwo.

Mankhwala oyezera ndi mankhwala ochiza

M'Chichewa mawu oti mankhwala amanyamula zambiri. Pali mankhwala a mutu, mankhwala othira m'chimanga kuti chisafumbwe, ngakhalenso mankhwala a makoswe. Reagente, amene ndi mawu a Chipwitikizi, nayenso ndi mankhwala, koma ntchito yake ndi kuyeza. Samwedwa ndipo sabayidwa m'thupi. Amasakanizidwa ndi dontho la magazi kapena mkodzo, ndipo akakumana ndi chimene akufunafuna amasintha mtundu, amalemba mzere, kapena amachititsa makina kuonetsa nambala.

Munamuonapo kale. Akakubayani chala poyeza malungo, mzere umene umatuluka pa kapulasitiki kaja umabwera chifukwa cha reagente amene anapakidwa m'kati mwake. Poyeza HIV zimakhalanso chimodzimodzi.

Mareagente ali m'magulu awiri. Ena ndi ovomerezeka kuyezera odwala m'zipatala. Ena ndi a kafukufuku basi, ogwiritsidwa ntchito ndi asayansi pofufuza mmene thupi limagwirira ntchito. Kawirikawiri a gulu lachiwiriwa ndi amene amatsegula njira, ndipo patapita zaka zipatso zake zimafika ku chipatala chathu.

Insulini ndi ntchito yake

Mukadya nsima, chinangwa, mbatata kapena mpunga, thupi limasandutsa chakudyacho kukhala shuga amene amalowa m'magazi. Shuga ameneyu ndiye nkhuni za thupi, koma kuti alowe m'minofu pamafunika insulini. Insulini ndi homoni, kutanthauza uthenga umene chiwalo china chimatumiza kudzera m'magazi kuti ziwalo zina zichite chinthu. Amapangidwa m'chiwalo chotchedwa pancreas chimene chili kuseri kwa chifu. Ena amachitchula kuti kapamba, koma musachisokoneze ndi kapamba amene amatupa mwana akamadwala malungo pafupipafupi. Ndi ziwalo ziwiri zosiyana.

Insulini akasowa, kapena thupi likasiya kumumvera, shuga amadzaza m'magazi pamene minofu ili ndi njala. Pa mtundu woyamba wa matenda a shuga, umene umakonda kugwira ana ndi achinyamata, thupi limasiyiratu kupanga insulini. Pa mtundu wachiwiri, umene uli wofala kwa akuluakulu, insulini amakhalapo koma sakwanira kapena sagwira bwino ntchito.

Kale mwana akagwidwa ndi mtundu woyamba sankakhalitsa. Zinthu zinasintha mu 1921 pamene Frederick Banting ndi Charles Best, ku Toronto m'dziko la Canada, anatulutsa insulini m'pancreas wa nyama. Mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kubayidwa insulini, ndipo anapulumuka.

Insulini amabadwa ali wamtali

Mu 1955 Frederick Sanger wa ku Cambridge, ku England, anamaliza kuwerenga kapangidwe ka insulini. Taganizirani mikanda yotungidwa pa ulusi. Insulini ali ndi timikanda 51, timene asayansi amatitcha ma amino acid, ndipo tili pa zingwe ziwiri. Chingwe china chili ndi timikanda 21, china 30, ndipo ziwirizi ndi zolumikizana. Funso linatsala linali lakuti: thupi limatani kuti zingwe ziwirizi zipezane ndi kugwirana pa malo oyenera?

Yankho linachokera kwa Donald Steiner wa ku yunivesite ya Chicago mu 1967. Iye anatenga chotupa cha m'pancreas chimene madokotala anachotsa mwa wodwala wina, chotupa chimene chinkapanga insulini wochuluka. Anachidyetsa timikanda tija toikidwa chizindikiro chimene makina amatha kuchitsatira. Timikanda toikidwa chizindikiroto ndito tinali reagente wake. Atayang'ana, anapeza kuti chizindikirocho chikuyamba kuoneka pa chingwe chimodzi chachitali, ndipo pakapita nthawi m'pamene chikuoneka pa insulini. Chingwe chachitalicho anachitcha proinsulini.

Proinsulini ali ndi timikanda 86. Amapindika mwakuti mutu ndi mchira wake zimakumana n'kugwirana. Zikagwirana, kachidutswa ka pakati kamadulidwa n'kuchoka. Kachidutswa kameneka, ka timikanda 31, kamatchedwa C-peptide. Timikanda 4 ta m'malo oduliramo timatayika, ndipo totsala 51 ndiye insulini. Zili ngati telala amene amayamba wagwirizitsa nsalu ziwiri ndi ulusi wongoyembekezera, ndipo akasoka bwinobwino amadula ulusi uja.

Proinsulini wosadulidwa mphamvu yake yotsitsa shuga ndi yochepa kwambiri. Choncho m'thupi muyenera kuti muli sizasi yodulira. Sizasi zoterezi asayansi amazitcha maenzaimu, pa Chipwitikizi enzima. Enzaimu ndi puloteni imene imafulumizitsa ntchito inayake m'thupi, monga kudula kapena kulumikiza. Muli nayo ina m'malovu mwanu: mukatafuna chinangwa nthawi yaitali chimayamba kutsekemera chifukwa enzaimu ya m'malovu ikuchidula kukhala shuga.

Zaka zoposa 20 akusaka sizasi

Kudziwa kuti sizasi ilipo n'kosiyana ndi kuigwira m'manja. Enzaimu yodula proinsulini imapezeka pang'ono zedi, yobisika m'timatumba ting'onoting'ono m'kati mwa maselo. Mpata unatseguka mu 1984 kuchokera kumene palibe ankayembekezera: ku yisiti, mtundu womwe uja wofufumitsira buledi ndi mandasi. Asayansi a ku California anapeza kuti yisiti ali ndi enzaimu yotchedwa Kex2 imene imadula zingwe zazitali mofanana ndi mmene proinsulini amadulidwira. Pogwiritsa ntchito chithunzi cha enzaimu ya yisitiyo, magulu awiri, la Steiner ku Chicago ndi la Nabil Seidah ndi Michel Chrétien ku Montreal, anapeza abale ake mwa anthu ndi nyama mu 1990 ndi 1991. Anawatcha PC1/3 ndi PC2. Mwa anthu, PC1/3 ndi imene imagwira ntchito yaikulu yodula proinsulini. Enzaimu inanso, carboxypeptidase E, imabwera pambuyo kudzayepula nsonga zotsalira.

Lero tikudziwa kuti banja la sizasi zimenezi lili ndi maenzaimu 9, ndipo sadula insulini yekha. Mahomoni ambiri amabadwa ali aatali, kuphatikizapo amene amauza ubongo kuti mwakhuta ndi amene amathandiza thupi pa nthawi ya mantha kapena matenda. Chodabwitsa n'chakuti chingwe chimodzi chimatha kutulutsa mahomoni osiyana malinga ndi sizasi imene yadula. Chingwe chotchedwa proglucagon chikadulidwa ndi PC2 m'pancreas chimatulutsa glucagon, amene amakweza shuga munthu akakhala ndi njala. Chomwecho chikadulidwa ndi PC1/3 m'matumbo chimatulutsa GLP-1, amene amathandiza kutsitsa shuga munthu akadya. Chitenje n'chimodzi, koma telala wina wasoka malaya, wina siketi.

Zida zinayi za wofufuza

Kodi chinthu chosaoneka ndi maso amachifufuza bwanji? Wofufuza amadalira mitundu inayi ya mareagente.

Woyamba ndi enzaimu yeniyeniyo, yopangidwa m'labotale. Amatenga malangizo ake a chibadwa n'kuwaika m'maselo oweta m'mabotolo, maselowo n'kupanga enzaimuyo, kenako amaisefa kuti ikhale yoyera.

Wachiwiri ndi nyambo. Kameneka ndi kachingwe kakafupi kofanana ndi malo amene enzaimu imakonda kudula, ndipo kunsonga kwake amamangirirako kanthu kamene kamawala kakangodulidwa. Makina amayeza kuwalako. Kuwala kukachuluka ndiye kuti sizasi ndi yakuthwa, kukachepa ndiye kuti ndi yobuntha.

Wachitatu ndi chotsekereza, mankhwala amene amagwira sizasi kuti isadule. Wofufuza akaitsekereza n'kuona chimene chasokonekera, amadziwa ntchito imene inkagwira.

Wachinayi ndi asilikali a m'thupi, amene madokotala amati ma antibody. Akalulu kapena mbewa za m'labotale zikabayidwa kachidutswa ka enzaimu, matupi awo amapanga asilikali amene amazindikira enzaimu yokhayo. Asilikaliwo amatengedwa, n'kuikidwa utoto, ndipo akathiridwa pa kachidutswa ka chiwalo amakakamira pomwe pali enzaimu. Njira yoyezera mahomoni m'magazi ndi asilikali otere inayambitsidwa ndi Rosalyn Yalow ndi Solomon Berson ku New York cha m'ma 1960, ndipo homoni yoyamba imene anayeza inali insulini. Yalow analandira mphoto ya Nobel mu 1977.

Mareagente amenewa amabwera m'timabotolo tochepa kuposa chala chaching'ono, ndi okwera mtengo, ndipo ambiri amasungidwa pozizira madigiri 20 kapena 80 kunsi kwa ziro. Pa botolo pamalembedwa mawu a Chingerezi akuti "For Research Use Only", kutanthauza kuti ndi a kafukufuku basi. Sanayesedwe kuti alowe m'thupi la munthu. M'dziko lathu mareagente a kafukufuku amagwira ntchito m'malo monga Instituto Nacional de Saúde ku Marracuene ndi malo ofufuzira a ku Manhiça amene anatsegulidwa mu 1996, kumene amafufuza kwambiri malungo, chifuwa chachikulu ndi HIV.

Kodi kafukufukuyu watipindulira chiyani?

Choyamba, watulukira matenda amene kale analibe dzina. Mu 1997 madokotala a ku Cambridge anafotokoza za mayi wina amene ananenepa kwambiri kuyambira ali mwana. M'magazi mwake munali proinsulini wochuluka koma insulini wochepa zedi, chifukwa anabadwa ndi PC1/3 yosagwira ntchito. Pambuyo pake kunapezekanso makanda obadwa ndi vuto lomweli, amene amatsegula m'mimba kosalekeza kuyambira masabata oyambirira. Matendawa ndi osowa kwambiri pa dziko lonse. Mwana wanu akatsegula m'mimba, ganizirani kaye za madzi akumwa ndi ukhondo, mupatseni madzi a mchere ndi shuga a m'paketi, ndipo thamangirani ku chipatala.

Chachiwiri, watipatsa njira yodziwira ngati thupi likupangabe insulini. Pa insulini aliyense amene thupi lapanga pamatulukanso C-peptide mmodzi. Insulini wa m'botolo alibe C-peptide. Choncho dokotala akayeza C-peptide m'magazi amadziwa mphamvu imene yatsala m'pancreas, ngakhale wodwalayo akubaya kale jekeseni. Kuyeza kumeneku kumachitika m'malabotale akuluakulu, ndipo kumathandiza kusiyanitsa amene akufunika jekeseni moyo wake wonse ndi amene mapiritsi angamukwanire. Asayansi anaonanso kuti pa mtundu wachiwiri, maselo a m'pancreas akatopa amatulutsa proinsulini wambiri wosadulidwa, monga telala wothinidwa ndi ntchito amene akupereka zovala zosamaliza.

Chachitatu, wathandiza popanga insulini wa m'botolo. Kale ankachokera ku nkhumba ndi ng'ombe. Kuyambira mu 1982 kuli insulini wofanana ndi wa munthu, wopangidwa ndi mabakiteriya kapena yisiti m'mafakitale. Mafakitale ambiri amatsanzira thupi: amayamba ndi chingwe chachitali, kenako n'kuchidula ndi maenzaimu. Amene mumaopa jekeseni poganiza kuti ndi wa nkhumba, werengani pa botolo kapena funsani a ku farmácia. Mukaona mawu oti insulina humana, dziwani kuti sanachokere ku chiweto.

Chachinayi, watsegula maso pa matenda ena. Enzaimu ina ya m'banja lomweli, yotchedwa furin, imabedwa ndi tizilombo. Kachilombo ka HIV kamaigwiritsa ntchito kudula chovala chake kuti kathe kulowa m'maselo, ndipo kachilombo ka Covid-19 kamachitanso zofanana. Ina, PCSK9, imene inapezeka ku Montreal mu 2003, inachititsa kuti mu 2015 kutuluke mankhwala atsopano otsitsa mafuta oipa m'magazi.

Nanga kwathu kuno?

Kafukufuku amene anachitika m'Mozambique mu 2003, motsogozedwa ndi bungwe la International Insulin Foundation, anayerekeza kuti mwana wa kumudzi wogwidwa ndi shuga wa mtundu woyamba ankakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 7 yokha, pamene wa ku Maputo ankafika zaka pafupifupi 4. Vuto silinali kusowa kwa insulini kokha. Zipatala zambiri zinalibe zoyezera shuga, moti ana ankamwalira akuganiziridwa matenda ena. Atabwereza kafukufukuyo mu 2009 anapeza kuti zinthu zinasinthako, ndi thandizo la Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la odwala shuga la AMODIA.

Koma matendawa akuchuluka. Kawuniwuni wa dziko lonse anapeza kuti mu 2005 akuluakulu pafupifupi 3 mwa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga, ndipo pofika 2015 anali oposa 7 mwa 100. Ambiri mwa iwo sankadziwa. Ku Malawi kawuniwuni wa 2009 anapeza pafupifupi 6 mwa 100.

Kapepala koyezera shuga kamene amaika m'kamakina kaja nakonso ndi reagente, ndipo m'kati mwake muli enzaimu imene imagwira shuga wa m'dontho la magazi. Enzaimu imaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi. Kapepala koonongeka kamapereka nambala yabodza, ndipo nambala yabodza ingachititse munthu kubaya insulini wochuluka kapena wochepa. N'chifukwa chake woyeza wabwino amakana kugwiritsa ntchito reagente wotha nthawi, ngakhale inu mutadandaula za mtunda umene mwayenda. Akukutetezani.

Zoyenera kuchita

Pitani mukayezetse ngati muli ndi ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi makamaka usiku, nyerere zikuunjikana pomwe mwakodza, mukuonda chonsecho mukudya, mukufooka, maso akuchita chidima, mapazi akuchita dzanzi, kapena chilonda sichikupola. Amene muli pa mankhwala a chifuwa chachikulu pemphaninso kuyezedwa shuga, pakuti matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi. Mwana amene wayambanso kukodza pogona, akuonda, akusanza ndi kupuma mozama mwabefu, mutengereni ku chipatala tsiku lomwelo ndipo nenani kuti amuyeze shuga.

Dziwani manambala anu. Munthu amene wakhala maola 8 osadya, shuga akafika 7.0 kapena kuposa, n'chizindikiro cha matendawa, ndipo adokotala amayezanso tsiku lina kuti atsimikize. Ife a m'malire timayezetsa mbali zonse ziwiri, pa Milange, ku Mocuba, ku Mulanje kapena ku Blantyre, ndipo makina amasiyana kawerengedwe. Ena amalemba mmol/L, ena mg/dL. Nambala 7.0 pa oyambawo ndi yofanana ndi 126 pa achiwiriwo. Kuti musinthe, chulukitsani kapena gawani ndi 18. Pemphani kuti akulembereni nambala pamodzi ndi zilembo zake, ndipo yendani ndi khadi kapena kabuku kanu ka kuchipatala kulikonse.

Ngati muli ndi kamakina kunyumba, sungani timapepala m'kabotolo kake, tsekani msanga mukatengamo kamodzi, ndipo musakaike pa dzuwa, pafupi ndi moto kapena m'thumba la malaya. Onani tsiku lothera ntchito. Timapepala ta kamakina kena sitigwira pa kamakina ka mtundu wina.

Insulini wosatsegula amasungidwa mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8, koma asaume ngati ayezi. Botolo lotsegula limagwira ntchito pafupifupi masabata 4. Mu 2021 bungwe la Médecins Sans Frontières ndi yunivesite ya Geneva anaonetsa kuti insulini amakhalabe ndi mphamvu masabata 4 pa kutentha kosinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, monga kwa ku msasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya. Choncho kusowa firiji kusakulepheretseni kuyamba mankhwala. Ikani botolo m'kachitini kotseka bwino, kachitiniko mukakwirire mumchenga wonyowa mu mphika wadothi, ndipo mphikawo ukhale pamthunzi m'nyumba.

Musagule jekeseni, madontho kapena ufa kwa munthu woyenda ndi chikwama pamsika kapena wotsatsa pa foni, ngakhale atanena kuti zachokera ku labotale ya kunja. Chilichonse cholembedwa kuti ndi cha kafukufuku basi sichiyenera kulowa m'thupi lanu. Insulini ndi mapiritsi a shuga tengani ku chipatala kapena ku farmácia yovomerezeka.

Ndipo tsiku lina akadzakuuzani kuti reagente watha, musataye mtima n'kukhala pakhomo. Funsani tsiku lobwerera, funsani ngati chipatala china chapafupi chikuyeza, ndipo ngati mukumva kudwala kwambiri nenani kuti muonane ndi dokotala tsiku lomwelo. Uzaninso a komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu kuti nkhaniyo ifike kwa oyenera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Amene muli ndi mafunso pa nkhaniyi, lembani kalata kapena kasiyeni uthenga ku wailesi yathu, ndipo tidzawapereka kwa azaumoyo kuti adzayankhe pa pulogalamu ya zaumoyo. Mukamaliza kuwerenga kope lino, awerengereninso anzanu amene sadziwa kuwerenga.